Kuyandikira ndi Kufika: Chicheŵa m'Phunziro Loyamba la Calculus

Wophunzira amene waloŵa yunivesite kuti adzakhale injiniya, mphunzitsi wa sayansi kapena katswiri wa zachuma amadutsa pa khomo limodzi lopapatiza m'chaka chake choyamba, ndilo phunziro la calculus. Ku Zomba, ku Lusaka ndi ku Harare phunziroli limaperekedwa m'Chingerezi, ku Maputo m'Chipwitikizi. Koma ophunzira akatuluka m'kalasi nakhala pansi pa mtengo kuti afotokozerane zimene amva, ambiri amabwerera ku chiyankhulo cha kwawo, nasiya m'chilendo mayina okha a zinthu. Chiyankhulo cha pansi pa mtengocho sichilembedwa, sichifunsidwa pa mayeso, ndipo ife ophunzira za ziyankhulo sitinachitchere khutu mokwanira. Komatu m'menemo ndi mmene ganizo la masamu limakhazikika kapena kupotoka, ndipo wolephera phunziro limeneli kaŵirikaŵiri amataya ntchito imene anaifera kuyambira ku pulaimale.

Nkhani ya chiyankhulo ndi masamu si yatsopano. M'chaka cha 1974 bungwe la UNESCO linasonkhanitsa akatswiri a mbali ziŵirizi ku Nairobi, ndipo pamsonkhanopo M. A. K. Halliday anaonetsa kuti chiyankhulo cha masamu si mndandanda wa mayina chabe, koma ndi kamangidwe ka ziganizo ndi njira ya kutsutsana nayo mfundo. Ngakhale zili choncho, ntchito yaikulu ya mabungwe athu, monga BAKITA ya ku Tanzania imene inakhazikitsidwa mu 1967, Chicheŵa Board ya mu 1972, ndi Centre for Language Studies imene inaloŵa m'malo mwake mu 1996, yagona pa kalembedwe, pa madikishonale ndi pa mayina a zinthu. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti m'calculus mayina ndiwo vuto laling'ono. Vuto lalikulu lili pa aneni ndi pa timawu tating'ono timene womasulira amatidumpha poyesa kuti n'todziŵika kale.

Tiyambe ndi funso limene phunziroli linabadwira. Basi ikayenda makilomita 60 m'ola limodzi ndi theka, liŵiro lake la ulendo wonse ndi makilomita 40 pa ola. Mwana wa Sitandade 7 aŵerengera zimenezi. Nanga liŵiro lake pamene inali kudutsa pa mlatho wakutiwakuti linali lotani? Kuti tipeze liŵiro timagaŵa mtunda ndi nthaŵi, koma pa nthaŵi imodzi yeniyeniyo basi sinayende mtunda uliwonse ndipo nthaŵi sinapite. Kugaŵa 0 ndi 0 sikupereka yankho. Njira imene Isaac Newton anapeza m'zaka za 1665 ndi 1666, ndi imene Gottfried Leibniz anasindikiza mu 1684, ndi yotenga kampata kakang'ono, kuŵerengera pa kampatako, kenaka kuona zimene zichitika kampatako kakamachepa.

Nachi chitsanzo cha m'mabuku onse. Tifuna kudziŵa mmene x² ikukulira pamene x ali 3. Tisunthe x pang'ono, afike pa 3 + h. Pamenepo x² yachoka pa 9 kufika pa 9 + 6h + h², ndiye kuti yakula ndi 6h + h². Tikagaŵa kukulaku ndi h titsala ndi 6 + h. Ngati h ali 1 yankho ndi 7. Ngati ali 0.1 yankho ndi 6.1, ngati ali 0.01 yankho ndi 6.01. Mphunzitsi amalemba 6 pa bolodi nanena kuti ameneyo ndiye derivative. Wophunzira wochenjera amakweza mkono: pogaŵa paja h sanali 0, pakuti sitigaŵa ndi 0, tsopano kuti mupeze 6 mwamtaya h ngati kuti ndi 0. Kodi ndi 0 kapena si 0? Funsoli si la mbuli ayi. Ndi lomwelo limene George Berkeley anafunsa m'buku lake The Analyst mu 1734, ndipo akatswiri anakhala nalo zaka zoposa zana, kufikira Bernard Bolzano mu 1817, Augustin-Louis Cauchy mu 1821 ndi Karl Weierstrass m'zaka za m'ma 1860 anayala tanthauzo la limit limene tiphunzitsa lero. Zimene akuluakulu ameneŵa anavutika nazo mibadwo itatu, ife timazipereka kwa mwana wa zaka 18 m'milungu iŵiri, m'chiyankhulo chimene si cha amayi ake.

Liwu loyamba limene Mcheŵa amaligwira pomasulira limit ndi malire. Kumasuliraku n'kokhulupirika koposa mmene ena aganizira, pakuti liwu la Chilatini limes, kumene limit inachokera, linkatanthauzanso kanjira kolekanitsa minda. Koma malire a munda ali ndi khalidwe limodzi limene aliyense wa kumudzi alidziŵa: salumphidwa, ndipo wolumpha malire amakaonekera kwa amfumu. Tsono taonani mndandanda uwu:

(1) 1.1, 0.99, 1.001, 0.9999, 1.00001, ...

Limit yake ndi 1, koma manambalaŵa akulumpha 1 pa sitepe iliyonse, uku pamwamba, uku pansi. Wophunzira amene wasunga chithunzi cha munda m'mutu amakana kuti 1 angakhale malire pano. Vuto lomwelo alinalo ana a ku England. John Monaghan anaonetsa mu 1991 kuti ambiri a iwo akamva limit amaganiza za liŵiro limene lamulo la pamsewu liletsa kupyola. Chotero pano Chicheŵa sichiipa kuposa Chingerezi, ndiponso sichichiposa. Mawu ena amene tingayese, monga mathero kapena polekezera, ali ndi chilema chawo, chifukwa amanena kuti mndandanda umatha, pamene sutha. Kwa ife malire angakhale, malinga mphunzitsi aonetse chitsanzo chonga (1) tsiku lomwelo limene watchula liwulo.

Mneni ndiye wovuta koposa. Timati h akuyandikira 0, ndipo yankho likuyandikira 6. M'Chicheŵa kuyandikira ndi kufika ndi aneni otsutsana pa kamvedwe: amene wayandikira mudzi sanafike, ndipo amene wafika sitinenanso kuti akuyandikira. Chimodzimodzi kutsala pang'ono, kumene kumanena poyera kuti chinachake chatsala. Pa h kamvedwe kameneka n'kolondola, pakuti h saloledwa kukhala 0. Pa yankho n'kolakwika, popeza tanthauzo la limit silikamba kanthu za kufika kapena kusafika. Mndandanda wa 5, 5, 5, 5, ... uli ndi limit, ndiyo 5, ngakhale unafika kalekale ndipo sukuyenda n'komwe. Mneni mmodzi akugwira ntchito ziŵiri m'chiganizo chimodzi, ndipo wophunzira sauzidwa kuti ntchitozo n'zosiyana.

Kubwereza tsinde, kumene kumatithandiza kwina, pano sikutipulumutsa. Wina anganene kuti manambala amayandikirayandikira, kapena amanka nayandikira. Koma mndandanda wa 0.9, 0.99, 0.999, ... umanka nuyandikira 1, ndipo umankanso nuyandikira 2, ngakhale 100, pakuti pa sitepe iliyonse mpata wotsala kukafika pa 100 ukuchepadi. Munthu wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe akuyandikiranso Mzuzu, koma si kumene akupita.

Mndandanda womwewu ukutifikitsa pa mkangano wotchuka wa 0.999..., nambala ya ma 9 osatha. R. L. E. Schwarzenberger ndi David Tall analemba mu 1978 kuti ambiri mwa ophunzira a chaka choyamba amene anawafunsa ku England ankakhulupirira kuti nambalayi ndi yochepera 1. Wophunzira wathu amanena zomwezo m'mawu ake: yatsala pang'ono kukwana 1. Tikamfunsa kuti chatsalacho n'chachikulu bwanji, sangatchule nambala, chifukwa akati 0.001 timuonetsa kuti 9 wachinayi wadya kale mpata umenewo, ndipo zitero ndi nambala ina iliyonse imene angatchule. Chimene chikumsokoneza n'chakuti iye akuona ntchito yolemba ma 9 ili mkati, pamene chizindikirocho ndi dzina la limit ya ntchitoyo. Anna Sfard mu 1991 anafotokoza bwino kuti malingaliro ambiri a masamu ali ndi nkhope ziŵiri zotere, ya ntchito ndi ya chinthu.

Apa ndi pamene ziyankhulo za Chibantu zili ndi chuma chimene Chingerezi chimabisa. Liwu la Chingerezi sum ndi mneni ndiponso ndi dzina, osasintha lembo ngakhale limodzi. Chicheŵa chimalekanitsa ziŵirizi m'kapangidwe ka mawu: ku- wa gulu 15 amatchula ntchito, ndipo -o wa kumapeto kaŵirikaŵiri amatchula chotuluka m'ntchitoyo, monga kuyankha ndi yankho, kusonkha ndi msonkho, kulemba ndi lembo, kuŵerenga ndi chiŵerengero. Mwana wa zaka zisanu sasokoneza kusonkha ndi msonkho. Mphunzitsi amene anganene kuti kuyandikira ndi ntchito, koma limit ndi yankho, ndipo yankho siliyenda, wakhudza chinthu chimene wophunzira ali nacho kale m'kamwa.

Tibwere tsopano ku tanthauzo la Weierstrass, limene ophunzira amaliopa chifukwa cha malembo a Chigiriki, epsilon ndi delta. Tanthauzoli linachotsamo kuyenda konse. M'malo mwake muli mpikisano wa anthu aŵiri: woyamba atchula kampata kozungulira yankho, ndiko epsilon, wachiŵiri ayenera kupeza kampata kozungulira x, ndiko delta, koti x aliyense wa m'katimo, kupatula wa pakati penipeniyo, apereke yankho logwera m'kampata ka woyamba uja. Wachiŵiri akamapambana nthaŵi zonse, limit ilipo. Chinsinsi chonse chili pa yemwe ayamba kutchula. M'Chingerezi kusiyana kwake kumagona pa dongosolo la mawu lokha, loti for every ndi there exists, lititsogola ndi liti. Ndipo m'chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku dongosolo lotere silisamalidwa, kotero kuti ngakhale eni Chingerezi amaphonya. Yerekezani ndi ziganizo izi:

(2) Chitseko chilichonse chili ndi kiyi wake.

(3) Pali kiyi mmodzi wotsegula zitseko zonse.

Palibe Mcheŵa amene angasokoneze (2) ndi (3). M'chiganizo (2) mloŵam'malo waumwini -ake akumangirira kiyi ku chitseko, kotero kuti chitseko chikasintha kiyi angasinthenso. Tikafuna kutsindika timabwereza, n'kuti kiyi wakewake. M'chiganizo (3) mmodzi ndi -onse akunena za kiyi wa mlonda wamkulu. Tsono tanthauzo la limit ndi la mtundu (2):

(4) Epsilon aliyense, kaya achepe chotani, ali ndi delta wake.

Mawu akuti kaya achepe chotani, ndi mneni wake wothera ndi -e, akunyamula chimene kuyandikirayandikira kunalephera kunyamula, ndicho chakuti mpata uchepa kupyola muyeso uliwonse umene wotsutsa angasankhe. Ndipo wake akunena zimene mabuku ena amachita kuwonjezera m'mphepete, kuti delta amadalira epsilon. Ife tiyesa kuti chiganizo (4) n'chomveka kuposa chinzake cha m'Chingerezi, ndipo sitinena izi mokometsera chiyankhulo chathu.

Tiyese ndi manambala. Wotsutsa afuna kuti x² isatalikire 9 kupyola 0.1. Tiyankha kuti x asatalikire 3 kupyola 0.01, pakuti 3.01 kuchulukitsa ndi 3.01 ndi 9.0601, ndipo 2.99 kuchulukitsa ndi 2.99 ndi 8.9401, onse aŵiri ali m'kati. Koma titengere delta yemweyo pamene x ali 100: 100.01 kuchulukitsa ndi 100.01 ndi 10002.0001, ndiye kuti tataya ndi 2 yathunthu. Kiyi wa chitseko cha pa 3 wakana chitseko cha pa 100. Chotero si epsilon yekha amene ali ndi delta wake; malo alionsenso ali ndi delta wake. Pamene delta mmodzi akwanira malo onse, monga kiyi wa m'chiganizo (3), akatswiri amati pali uniform continuity, ganizo limene Eduard Heine analilongosola m'zaka za m'ma 1870 ndipo ophunzira amakumana nalo m'chaka chachiŵiri kapena chachitatu. Kusiyana kwa wake ndi mmodzi si nkhani yachibwana: mfundo ina ya m'buku la Cauchy la mu 1821 inapezeka ndi zoitsutsa, zimene Niels Abel anazitchula mu 1826, ndipo olemba mbiri ya masamu ambiri amati chinasoŵa pamenepo ndi kusiyanitsa kwa mtundu womwewu.

Oŵerenga a ziyankhulo zina aone ngati zili chimodzimodzi kwawo. M'Chiswahili chiganizo (2) ndi kila mlango una ufunguo wake, ndipo wake akugwira ntchito yomweyo. Tikhulupirira kuti ziyankhulo zambiri za chigawo chino zili ndi njira imeneyi, ndipo kungakhale kothandiza kuzifananitsa pa mfundo imodzi yokhayi.

Si paliponse pamene Chicheŵa chimapeputsa katundu. Liwu lakuti kapena limalumikiza zinthu ziŵiri zosankhapo, koma limanenanso kukayika, monga m'chiganizo chakuti kapena abwera maŵa. Tikalemba kuti x ndi 2 kapena −2, wophunzira wina amamva ngati mphunzitsi sakudziŵa bwino yankho, pamene tanthauzo n'lakuti manambala onse aŵiri akukwanira ndipo palibenso wina. Ngati nayenso ali ndi nkhope ziŵiri, ya kufanizira ndi ya kuika lamulo; ndiponso m'kuyankhula kwa masiku onse, kholo likati ngati ulima udya, mwana amamva kuti akapanda kulima sadya. Masamu salola kutembenuza kotere. Mfundo yakuti mzere ukakhala ndi derivative pamalo ndiye kuti suduka pamalopo ndi yoona. Yotembenuza yake ndi yabodza, pakuti mzere wa |x| suduka pa 0, koma uli ndi ngodya yakuthwa pamenepo ndipo ulibe derivative. Mu 1872 Weierstrass anaonetsa mzere wosaduka paliponse umene ulibe derivative pena paliponse. Mwayi wake ngwakuti tili ndi pokhapokha, liwu limodzi lolimba limene limanena mbali inayo, ndipo mphunzitsi angaike ngati ndi pokhapokha pambali ndi pambali kuti kusiyana kuoneke.

Pa infinity tichenjeze omasulira za msampha umodzi. Liwu lobwera msanga ndi zosaŵerengeka, lokhala ndi -ek- wa msintho wochitika, amene amanena kutheka kwa ntchito. Koma m'kamwa mwa anthu zosaŵerengeka ndi mchenga wa kunyanja ndi tsitsi la m'mutu, zinthu zambiri zedi koma zokhala ndi mathero. Choposa apo, kuyambira pa ntchito ya Georg Cantor ya mu 1874 masamu amasiyanitsa mitundu iŵiri ya zopanda mathero: manambala 1, 2, 3, ... satha, komabe angandandalikidwe mmodzimmodzi, pamene manambala onse a pakati pa 0 ndi 1 sangandandalikidwe konse. Tikamwaza zosaŵerengeka pa infinity wamba, tidzasoŵa liwu tsiku limene tidzafike pa Cantor. Zosatha ndilo liwu loyenera pano, ndipo linalo lisungidwe.

Chotsala ndi dx, chizindikiro cha Leibniz. Silvanus Thompson, m'buku lake Calculus Made Easy la mu 1910, analangiza oyamba kumene kuti aziŵerenga d ngati kachidutswa ka chinthu. Mcheŵa safuna kulangizidwa zimenezi, pakuti magulu 12 ndi 13, a ka- ndi ti-, anapangidwira ntchito yomweyo: dx ndi kachidutswa ka x, ndipo chizindikiro cha integral, chimene ndi S wotalikitsidwa, chimasonkhanitsa tizidutswa tonse. Munda wokhota m'mbali timaudula timizere topyapyala, tiŵerengera kamzere kalikonse ngati kuti n'koongoka, n'kuphatikiza. Kufotokoza kumeneku n'kokoma ndipo kumagwira msanga. Kuopsa kwake n'kwakuti ka- amatchula chinthu chimene chilipo ndipo chili ndi msinkhu wake; kamwana ndi munthu ndithu, kamphindi ndi nthaŵi ndithu. Wophunzira akafunsa kuti kachidutswako n'kotalika bwanji, tabwerera kwa Berkeley. N'zoona kuti Abraham Robinson anaonetsa m'zaka za m'ma 1960 kuti manambala ochepetsetsa otere angaikidwe pa maziko olimba, koma maziko amenewo si a chaka choyamba. M'kalasi loyamba ka- ayenera kuyenda ndi mnzake uja wa m'chiganizo (4), kaya kachepe chotani, kuti asaume n'kukhala nambala.

Lamulo la maphunziro la Malaŵi la mu 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, ndipo sitiyembekeza kuti mayeso a calculus alembedwa m'Chicheŵa posachedwa. Zimene tanenazi sizidikira kusintha kwa lamulo. Jill Adler ndi Mamokgethi Setati anaonetsa m'masukulu a ku South Africa kuti aphunzitsi ndi ophunzira amasinthasintha ziyankhulo m'phunziro la masamu, lamulo lifune lisafune, ndi kuti funso lenileni ndi la nthaŵi ndi njira yosinthira. Pa yunivesite malo ake ndi m'timagulu ta masana, mmene wothandiza mphunzitsi amakhala ndi ophunzira ochepa. M'menemo wophunzira apemphedwe kunena tanthauzo la limit m'chiyankhulo chake asanalembe zizindikiro. Amene waloŵeza chabe amabwereza Chingerezi cha m'buku osaphonya liwu, koma pomasulira amakakamizika kusankha pakati pa wake ndi mmodzi, ndipo kusankhako kumaulula zimene wamva. Kwa ife a ziyankhulo, ntchito yoyamba ndi kujambula ndi kulemba zokambirana za m'timagulu timeneti monga zilili, pamodzi ndi kusakaniza kwake konse. Ngakhale gulu la mayina obwerekaŵa silinakhazikike: m'nkhani ino talemba delta wake ndi limit yake, wina m'gulu 1a, wina m'gulu 9, ndipo ophunzira ena anganene delta yake monga ena amanenera kiyi yake.